Nyumba ya ku 47: tiisandutse loji kapena tigulitse tikamange kunyanja?

NaPhiri47:

Abale ndithandizeni nzeru chifukwa nkhani iyi yatsala pang'ono kutiyambanitsa pa gulupu ya WhatsApp ya kwathu. Malemu bambo anatisiyira nyumba ku Area 47, zipinda zogona zinayi, boyizi kota kuseri, bwalo lalikulu ndithu, mpanda wa njerwa. Tenanti amene wakhalamo zaka zonsezi akutuluka kumapeto a mwezi wa mawa. Ndiye achimwene anga omwe ali ku Joni akuti tisaikemonso tenanti, lendi ya pamwezi ndi yochepa, tiikonze ikhale loji kapena tiziika pa Airbnb (pa intaneti pomwe alendo amabuka nyumba zogonamo masiku ochepa), akuti anzawo akudya bwino ndi zimenezi. Ndipo kunena zoona mumsewu mwathumo nyumba zomwe tinkasewerako tili ana pano zili ndi zikwangwani pageti, ina loji, ina malo odyera, ina amapangirako ma bridal shower. Amalume iwo akuti ayi mtauni muno maloji achuluka kale, tigulitse nyumbayo tikagule malo ku Senga Bay timange makoteji, eti alipo munthu wawalonjeza malo oyang'anizana ndi madzi kudzera kwa amfumu. Vuto ndi loti amene ali ku Lilongwe kuno ndine ndekha, chilichonse chomwe tigwirizane mtolo wake ugwera ine, komanso ndine wapantchito ndimaweruka 5. Amene munayesapo za maloji kaya mtauni kaya kunyanja, ndalama ilipodi kapena timangotengeka ndi zithunzi za pa Facebook?

Nachisale_wa_Loji:

Asisi ine ndimayendetsa kaloji mbali ya ku 49 ndiye ndikuuzani zomwe ndimaona pa kauntala. Musanagule ngakhale pilo mmodzi dzifunseni kuti adzagona ndani. Tikamati zokopa alendo m'mutu mumabwera mzungu wa chikwama kumsana, koma ameneyo pa Lilongwe sakhalitsa, watsika ndege ku KIA, wagona usiku umodzi, mwina wadutsa pa Wildlife Centre, kukacha uyo wa ku Cape Maclear, ku Liwonde kaya ku Nkhata Bay, ena ulendo wa ku South Luangwa kudzera pa Mchinji. Olo mu February 2024 muja boma linachotsa viza kwa anthu a m'mayiko 79, ine pakhomo panga palibe chomwe chinasintha kwenikweni. Amene amatidyetsa ife ndi Amalawi anzathu omwewa. Wa ku Mzuzu wabwera ku intaviyu ku Capital Hill, achibale a mkwati abwera ku ukwati wa Loweruka, a mpingo, a ku Chipata odzapikula katundu, madalaivala a mabwana omwe ali pa msonkhano ku holo yaikulu ya BICC poti bwana wagona ku hotela yaikulu koma dalaivala akufuna potchipa kuti alawansi itsaleko, basi ndi amenewo. Ndi tsiku la mpira waukulu ku Bingu Stadium. Sitediyamu ija ili ku Area 48, chiitsekulireni mu January 2017 ambiri a ku 47 ndi ku 49 tinaona ngati talemera, koma mpira wodzadza anthu ochokera kutali si wa sabata iliyonse ayi.

Mukafuna kumvetsa bwino bizinesi imeneyi pitani pa Mponela. Palibe nyanja, palibe nyama, palibe choti munthu n'kuima kujambulitsa, koma maloji ndi maholo a misonkhano ali mbwee. Chinsinsi chake n'chakuti ndi m'boma la Dowa, kunja kwa Lilongwe, ndiye wekishopu ikachitikira kumeneko anthu amalandira ya kogona, koma ndi pafupi, ola limodzi pa M1 wafika. Salima ndi Dedza nkhani yake ndi yomweyo. Malo pa Mponela anakwera mtengo chifukwa cha alawansi basi. Tsono bizinesi yotsamira pamenepo imagwedezeka msanga, boma likangolengeza kuti pofuna kupulumutsa ndalama misonkhano izichitikira m'maofesi, kapena ngati mu 2025 America itadula thandizo la USAID, foni imangoti zii tsiku lonse. Za Covid mu 2020 ndisanene, ena anachotsa zikwangwani n'kubwezeretsa matenanti.

Achimwene anuwo ndikudziwa masamu omwe apanga, atenga mtengo wa usiku umodzi achulukitsa ndi zipinda achulukitsanso ndi 30. Auzeni awerengere ngati theka la mwezi mulibe munthu kenako achotsepo zolowa. Mlendo wa masiku ano safuna kupanga mzere wa ku bafa ndi munthu wosamudziwa, ndiye chipinda chilichonse chikhale ndi shawa ndi chimbudzi chake, uko ndi kuboola makoma, mapaipi atsopano, magiza, sepitiki yaikulu chifukwa yomwe ilipoyo anaimangira banja limodzi. Thanki ya madzi ya pamwamba, sola ndi inveta, Wi-Fi, DStv. Mashiti oyera, ndipo fumbi la Lilongwe la mu September mukulidziwa, mwayanika m'mawa pofika masana asanduka ofiira. Matawulo anthu amapukutira nsapato, ndikunena zoona, umalipeza lili ndi polishi wakuda bii walikulunga bwinobwino waika pansi pa bedi. Tenanti mpopi ukamadontha amadikira kuche, mlendo amaimba 11 koloko usiku kuti madzi otentha sakutuluka ndipo akufuna ndalama yake.

Koma chachikulu ndi ichi, loji imafuna maso a mwini wake. Mukakhala kuntchito mpaka 5, masana zipinda zimagulitsidwa za maola awiri atatu osalemba m'buku, inu mumangodabwa kuti sopo akutha, mashiti achapidwa, mayunitsi a magetsi akuuluka koma buku likuti lero sikunabwere munthu. Pamwamba pake malipiro a wolandira alendo, woyeretsa, mlonda, layisensi ya ku zokopa alendo, levy ya 1% ndi za MRA. Ndalama ilipo sindikukana, ine ana ndikuphunzitsira momwemu, koma ndinasiya ntchito ndimakhala pompo. Ngati pabanja panu palibe woti akhale pa kauntala, achimwene ali ku Joni akungolamula pa foni, ine ndikuti ayi.

Che_Mdala_wa_ku_Senga:

Achemwali, za mtauni ayankha amayiwo, ine ndilankhule za amalume anu chifukwa kwathu ndi komweko kwa Maganga ngakhale pano ndimakhala ku Kawale. Senga Bay anthu amaifuna chifukwa ndi gombe lapafupi ndi likulu, makilomita pafupifupi 100 pa M14 mwafika pa Salima, kuwonjezera 20 mwaponda mchenga, munthu atha kunyamuka Loweruka m'mawa n'kubwerera Lamulungu madzulo. Chifukwa cha chimenecho malo abwino a m'mphepete mwa madzi anatha kalekale, kuli mahotela ngati Livingstonia Beach, kuli makoteji a makampani ndi a anthu olemera omwe anatenga ife tili ana. Ndiye lero munthu akamati ali ndi malo oyang'anizana ndi madzi ndipo mtengo wake ndi wabwino, funsani kuti anatsala bwanji. Kawirikawiri ndi dambo, kapena dooko la asodzi, kapena pafupi ndi manda, kapena ndi malo oti pabanja pawo akulimbirana.

Mwaiwala za 2024? Nyanja inakwera mpaka kulowa m'maloji ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi, mabala a pamchenga anamira, mipanda inagwa, malo ena umachita kuona madenga a tizisakasa okha ali pamwamba pa madzi. Eni maloji ankaloza chala ku Kamuzu Barrage ku Liwonde kuti atsekule madzi apite, koma a National Water Resources Authority anawakumbutsa kuti malamulo salola kumanga pansi pa mulingo wa mamita 477 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndiye ambiri omwe ankalirawo anamanga m'malo a nyanja. Akuluakulu kwathu sanadabwe, amakumbuka kuti cha m'ma 1980 madzi anafikanso kuposa pamenepa, kungoti zaka zomwe nyanja inaphwera anthu anaona mchenga wambiri n'kumati ndi poloti. Ndiye langizo langa, malo a kunyanja osakawaona mu November kapena December madzi atatsika, ogulitsa amakonda miyezi imeneyo. Kaoneni mu April kapena May nyanja itadzadza, ndipo yang'anani pa mitengo ndi pa makoma a oyandikana nawo, mzere wa pomwe madzi anafika umaoneka.

Za amfumuzo samalani. Kakalata ka chidindo cha amfumu si umwini, malo a makolo ali ndi lamulo lake la 2016 ndipo mfumu si mwini malo woti n'kumagulitsa ngati mbuzi yake. Mupereka ndalama kwa mmodzi, mwayamba kuthira maziko, kukubwera mphwake wochokera ku Joni kuti apa ndi pa agogo athu sitinagwirizane, winanso akubwera ndi kalata yofanana ndi yanu chidindo chomwecho. Milandu yotere imatha zaka.

Komanso ndinene monga mwana wa kumeneko, zimandiwawa. Munthu wa mtauni akagula amamanga mpanda mpaka m'madzi, njira yomwe amayi ankadutsa kukachapa ndi kutunga madzi yatsekedwa, asodzi pokocheza mabwato palibe, mathandala oyanikapo usipa awachotse ati fungo likuthamangitsa alendo. Chonsecho mlendo yemweyo akufuna chambo chafuleshi pa mbale. Anthu akakwiya sakuuzani, mumangopeza waya wadulidwa, mapampu asowa, mlonda akuti sindinaone. Amene amakhala bwino ndi mudzi ndi omwe anasiya njira yopita kumadzi ndipo analemba ntchito ana a pompo.

Bizinesi yakenso ndi ya nyengo. Isitala, Khirisimasi, Tsiku la Anakubala pa 15 October pamene Lilongwe yense amakhamukira kunyanja, wikendi ya Sand Music Festival ikachitikira kumeneko, masiku amenewo olo khonde anthu amalipira. June ndi July mwera ukuwomba kumazizira, madzi ndi mafunde okhaokha, Lolemba mpaka Lachinayi ngati mulibe holo ya misonkhano mumangoyang'anizana ndi anyani. Koteji yokhala yokha chiswe ndi chinyezi sizichedwa, ndipo woyang'anira amaibwereketsa inu muli ku Lilongwe osadziwa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Nyumba ya ku 47 muli nayo kale, ya ku Senga ili m'kamwa mwa amalume.

Neba_Wotopa:

Kkkk sisi ine ndiyankhe ngati neba chifukwa palibe amene amatifunsa ife. Nyumba yoyandikana ndi yathu anaisandutsa gadeni ya maukwati ndi zinkhoswe, anadzala kapinga, anaika matenti basi. Kuyambira Lachisanu kuyesa zimkuzamawu, Loweruka perekaniperekani kuyambira 1 koloko, MC akukuwa kuti a kuchimuna muli kuti mpaka mawindo kunjenjemera, ine mayina a akuchikazi a anthu osawadziwa ndimawaloweza ndili pabedi. Magalimoto amaimika mpaka pageti panga, tsiku lina mwana anadwala tinachita kukalengezetsa pa maiki kuti mwini galimoto yoyera adzasunthe. M'mawa wake mabotolo ndi mapepala mu ngalande. Ku 47 komweko onani nyumba zoyandikira Bwandilo, ndi angati amene akulerabe ana pamenepo, ambiri anasamuka nyumba n'kusanduka maofesi, masaluni ndi malo odyera. Zikangoyamba nyumba imodzi msewu wonse umatsatira chifukwa banja silipirira phokoso, landilodi naye amaona kuti wa bizinesi alipira zambiri. Mtengo wa nyumba umakwera inde, yanganso akuti yakwera, koma ndigona kuti? Ngati mupange loji pangani yogona yokha, bala ndi DJ ayi chonde, ndipo kawauzeni maneba musanayambe osati adzangoona chikwangwani.

NaPhiri47:

Eee zikomo nonse, ndatumiza zonsezi ku gulupu achimwene angowerenga sanayankhe kkkk. Che Mdala mwandiopsa, ndawafunsa amalume akuti malowo anakawaona mu December ndipo ndi kuseri kwa bango. China chomwe sindinanene, mapepala a nyumba akadali m'dzina la malemu bambo, sitinasinthe chifukwa tenanti ankangolipira ku akaunti ya amayi. Zimenezi zili ndi vuto tikafuna kupanga loji kapena kugulitsa? Nanga palibe njira ya pakatikati yoti nyumba ibweretse zochulukirapo popanda ine kusiya ntchito?

Saveya_Wopuma:

Mayi Phiri, apo mwanenapo ndi pomwe muyambire, zina zonsezi zidikire. Nyumba ya m'dzina la malemu simungaigulitse, simungaisinthe ntchito, ngakhale banki singakupatseni ngongole yokonzera, mpaka mutapeza makalata a kukhoti oyendetsera chuma cha masiye kenako dzina lisinthidwe ku Lands. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi wa malemu ndi ana, ndiye amayi anu ali moyo mawu awo ndi aakulu pamenepa. Amalume ndi olemekezeka, alangize, koma siginecha yawo sikufunika paliponse. Mukapita ku Lands kapangitseni search muone ngati pali ngongole ya ground rent, ku khonsolo kafunseninso za ma city rates, nyumba zambiri za masiye zimapezeka ndi ngongole ya zaka poti aliyense ankaganiza kuti akulipira ndi mnzake.

Tsono za kusandutsa loji. Mzinda uno sunangomera, unachita kujambulidwa. Bungwe la CCDC linakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange likulu, boma linasamuka ku Zomba mu 1975, ndipo dera lililonse linapatsidwa ntchito yake, Kanengo mafakitale, Capital Hill maofesi a boma, City Centre malonda, madera ngati 47 nyumba zokhalamo. Lizi yanu ya zaka 99 ija mukaiwerenga mupeza kuti inalemba ntchito ya malowo. Kuika alendo olipira ndi kusintha ntchito, ndiye pamafunika kupempha change of use ku khonsolo, amaona poimika magalimoto, zimbudzi, njira yothawira moto ndi zoti oyandikana nawo zikuwakhudza bwanji, ndipo akakulolani ma rates amawerengedwa ngati a bizinesi. Ambiri amangokhoma chikwangwani, zimayenda mpaka tsiku lomwe neba ngati uyu wadandaula pamwambayu watopa zenizeni. Mukamawonjezera zipinda dziwaninso kuti kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga salola njerwa zootcha pa nyumba za bizinesi, ndi mabuloko a simenti, ndiye bajeti yanu ikhale ya simenti. Kunyanja kumawonjezekera a MEPA oona za chilengedwe.

Za kugula malo kuti angokhala mukudikira ndalama, malamulo a malo omwe anasinthidwa mu 2022 anakhwimitsa, malo a lizi osatukula boma litha kulanda ndipo kugulitsa poloti yopanda chitukuko analetsa. Ndi chifukwa china mukuona magadeni achuluka kunja kwa tauni, njira ya ku Bunda, ku Airwing, mbali ya bypass, njira ya ku eyapoti. Gadeni ndi yotchipa kuyamba, mpanda, kapinga, mjigo, zimbudzi ziwiri, wayamba kulandira maukwati uku malo akuoneka kuti ali ndi mwini. Minda ya chimanga yomwe ndinkayeza ndili mnyamata pano ndi mipanda yokhayokha. Chondidandaulitsa ine n'chakuti madobadoba akamadula mapoloti sasiya misewu yokwanira, sasiya ngalande, sasiya malo a sukulu, munthu wamanga malo okongola a ukwati koma msewu wake magalimoto awiri sangapatukirane, dzinja likafika mkwatibwi amachita kumunyamula pamatope.

Kugulitsa ine sindikulangizani. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44% tsiku limodzi, amene anali atagulitsa nyumba ndalama ili ku banki akudikira kumanga anadzuka simenti ndi malata zitathawa. Njira ya pakatikati ilipo. Ikonzeni bwino, ikanimo mipando, thanki ndi sola, muipereke kwa bungwe kapena kampani yosunga antchito ake kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, amalipira bwino kuposa tenanti wamba ndipo mumachita ndi munthu mmodzi pa pepala losainirana. Mu mgwirizanomo mulembe kuti saloledwa kubwereketsanso kwa ena, apo ayi mudzapeza nyumba yanu ili pa intaneti wina akudyerapo.

Kabaza_Wa_Benz:

Madala mwalankhula zomveka koma pa Airbnb ndisiyane nanu pang'ono nonsenu, mukuiopseza kwambiri. Si loji imeneyo, sufunika kauntala kapena wophika, ine ndimayendetsa ya azakhali anga ndili pantchito, mlendo amabuka pa foni, mlonda amamupatsa kiyi, mayi woyeretsa amabwera akatuluka basi. Amene amabwera ndi ma consultant a mabungwe okhala milungu iwiri itatu, ndi Amalawi a ku UK kaya ku America obwera ku holide ndi ana omwe safuna kukapanikizana kwa achibale, December ndi August amenewa amalimbirana. Iwowa chomwe amafunsa ndi chimodzi, magetsi akathima intaneti imagwirabe? Ukangonama pamenepo akulemba review yoipa ndiye wathera pompo. Zoona ku Area 10, 12 ndi 43 ndi komwe amakonda koma 47 si yoipa, Gateway Mall ili pompo munthu amagula zake n'kumadziphikira. Mapepala konzani ngati mmene anenera madalawo, zimenezo sindikutsutsa. Koma ine ndikanakhala inu sisi nyumba yaikuluyo ndikanaikamo wa chaka, boyizi kota ndi yomwe ndikanaipanga bwino, matailosi, shawa yotentha, kakhitchini, geti yakeyake ngati malo alola, muyesere pamenepo muone ngati mungapirire mauthenga a pakati pa usiku. Achimwene a ku Joniwo poti ndi amene akufuna kwambiri atumize ya sola ndi mabatire. Ili sekita iti kodi, ndipo msewu wofika pageti ndi wa tala kapena wafumbi? Chifukwa zimenezo alendo amafunsa asanabuke.